Blues scale pa lidi: manoti ndi 6 okha, ntchito ili pa zala ndi khutu

Amene mukufuna kuyamba kuimba lidi ya blues, nkhani yabwino ndi yoti scale yake si yovuta kuloweza, madzulo amodzi okha mutha kuigwira. Tiyeni titenge kiyi ya A poti ndi imene ambiri timayambira. Manoti ake ndi A, C, D, Eb, E ndi G, basi. Ngati munadziwa kale minor pentatonic ndiye kuti mwatsala ndi noti imodzi yokha, Eb ija, imene amaitcha blue note. Kwa ife amene tinakulira m'makwaya zimaphweka kwambiri mukaziika mu sol-fa: la, do, re, ri, mi, so. Imbani ndi pakamwa kaye musanagwire gitala, mumva nokha kuti ka "ri" kaja kakukanda khutu.

Pa gitala muipeza pa fret ya 5 (mafret ndi timipata tija ta pa khosi la gitala, timawerenga kuyambira kumutu). Nsambo yaikulu ya 6 mugwire 5 ndi 8, ya 5 mugwire 5, 6, 7, ya 4 ndi 5 ndi 7, ya 3 ndi 5, 7, 8, ziwiri zing'onozing'ono zija zonse ndi 5 ndi 8. Chala chamkombaphala chikhale pa 5 nthawi zonse, zinazo zitsatire. Blue note ili malo awiri, fret 6 pa nsambo ya 5 ndi fret 8 pa nsambo ya 3. Mukafuna kiyi ina mungosuntha dzanja lonse, G ili pa fret ya 3, B pa 7, zala zikuyenda chimodzimodzi.

Apa ndi pomwe ambiri amaimira ndipo ine zimandiwawa, chifukwa munthu amaloweza bwinobwino kenako nkumangokwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, liwiro nkumaonjezera, koma ukamvetsera palibe chimene akunena. Nyimbo ya blues inachokera kwa anthu akuda a kumwera kwa America, makamaka dera la Mississippi Delta, zidzukulu za akapolo zimene zinkalima thonje m'minda ya eni, ndipo isanafike pa gitala inali pakhosi pa munthu. Woimba amaponya mzere umodzi, gitala nkuyankha, amaubwereza, gitala nkuyankhanso. Robert Johnson anajambula nyimbo 29 zokha mu 1936 ndi 1937, nkumwalira mu 1938 ali ndi zaka 27, koma mpaka lero anthu akuphunzirabe kwa iye. Muddy Waters atasamukira ku Chicago mu 1943 anapeza kuti gitala wamba sikumveka m'mabala aphokoso, nde anatenga yamagetsi. Onsewa gitala yawo inkatsanzira mawu a munthu, ndipo mawu a munthu sakhala pa fret, amatsetsereka pakati pa noti ndi noti.

Nchifukwa chake kubenda, kukankha nsambo kuti noti ikwere, ndimakuika patsogolo pa china chilichonse. Gwirani fret 7 pa nsambo ya 3, ndi D imeneyo, muikankhire m'mwamba mpaka imveke ngati E. Mudziwa bwanji kuti mwafika? Lizani kaye fret 5 pa nsambo ya 2, imeneyo ndi E yeniyeni, muisunge m'khutu kenako mubende mpaka ziwirizo zifanane. Chitaninso chimodzimodzi ndi fret 8 pa nsambo ya 2, ikwere ifike pa A wa fret 5 pa nsambo yoyamba. Musakankhe ndi chala chimodzi ayi, chala cha mphete chikhale pa noti, ziwiri zinazo zikhale kumbuyo kwake pa nsambo yomweyo kuthandizira, chala chachikulu chikolowekeni pamwamba pa khosi la gitala ndipo mphamvu ichokere pa kupotokola dzanja. Bend yosafika imapweteka khutu kuposa noti yolakwika, nde pamenepa musathamange. Nsonga za zala zipweteka masabata oyambirira mpaka khungu litauma, aliyense anadutsa momwemo. Ngati gitala yanu ndi yamagetsi ikani nsambo zopyapyala za 9, zimamvera msanga. Pa acoustic nsambo ya 3 nthawi zambiri imakhala yokulungidwa nde imakana kukwera mokwanira, kumeneko gwiritsani ntchito slide, kutsetsereka kuchoka pa 7 kufika pa 9.

Pali kabend kena kakang'ono kamene kwa ine ndi mtima weniweni wa blues. C uja wa fret 5 pa nsambo ya 3, mukamuliza mumukokere pansi pang'ono chabe pomaliza, asafike pa C# koma achoke pa C. Kamalo kameneko pa kiyibodi kulibe. Mukakapeza mumva gitala ikudandaula, ndipo anthu osadziwa nyimbo nkomwe amatembenuka.

Eb nayenso anthu amamulakwira. Ndi ngati tsabola wa kambuzi mu ndiwo, pang'ono pokha zakoma, mukathira dzanja lonse palibe adye. Mudutsepo popita kwina, D, Eb, E mokwera, kapena E, Eb, D, C, A motsika, osakhazikikapo.

Tsopano scale payokha siikwana, pafunika machord pansi pake. Blues wamba imayenda mabar 12 (bar imodzi ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4): anayi a A7, awiri a D7, awiri a A7, kenako E7, D7, A7, E7 imodziimodzi nkuyambiranso. Pa YouTube ma backing track a "blues in A", bandi ikuimba popanda lidi, ndi ambirimbiri, dawunilodani imodzi yapang'onopang'ono kuti bandulo isamathe tsiku lililonse, kapena jambulani nokha machord pa foni. Scale ija imalowa pa machord atatu onsewo, inde, koma amene amamveka bwino ndi amene akudziwa pomwe nyimbo yafika. Pa A7 yesani kumenya fret 5 nkugwetsera chala pa 6 pa nsambo ya 3, C kupita C#, kenako tsikirani pa A wa fret 7 nsambo ya 4. D7 ikangolowa C# uja musiyeni, sagwirizana, khalani pa C kapena fikirani pa F# wa fret 7 nsambo ya 2 ngakhale sali mu scale. Pa E7 terani pa E. Zimenezi zokha zimasiyanitsa woloweza ndi woimba.

Anzanga a lidi kutchalitchi mvetsetsani apa, poti nyimbo zathu zambiri za gospel zili mu major ndipo mukaikapo minor blues molunjika zimamveka ngati mwasochera kiyi. Bwererani mafret atatu kumbuyo. Ngati nyimbo ili mu A, dzanja lomwe lija liikeni pa fret ya 2, mwapeza major blues scale: do, re, ri, mi, so, la. Zala sizinasinthe, chasintha ndi kwanu kofikira, tsopano ndi "do" osati "la". Imalowa bwino kwambiri pa nyimbo zoyamika komanso pa reggae yofewa.

Za oti muziwamvera, yambani ndi B.B. King, anabadwa mu 1925 ku Mississippi nkumwalira mu 2015, gitala yake ankaitcha Lucille. Mkuluyu amatha kuima pa noti imodzi nkuigwedeza ndi chala chimodzi, dzanja lonse likunjenjemera, kenako nkukhala chete bandi ikupita. Albert King mumvereni pa mabend, anali wamanzere ndipo ankaimba gitala ya amanja ataitembenuza osasintha nsambo, nde iye ankakokera pansi pomwe ife timakankhira m'mwamba, nchifukwa chake mabend ake amakwera patali chonchija. Mukafuna kumva pomwe nyimboyi imakumana ndi Africa, fufuzani Ali Farka Touré wa ku Mali.

Sankhani kachidutswa kamodzi ka masekondi asanu kwa mmodzi wa amenewa, mukamvere mobwerezabwereza mpaka mutha kukaimba ndi pakamwa, kenako mukasake pa fret ya 5 paja osayang'ana tab, manambala a mafret olembedwa kale. Kakalowa m'zala, kayeseni pa mabar 12 onse aja, kuimba mabar awiri nkupuma awiri, mumve mmene kakusinthira chord ikasintha.