Chaka chathunthu popanda magazi: zikomo nonse

Lero ndakwanitsa chaka osaona magazi m'chimbudzi. Amene munandiona nditaonda mpaka lamba kusowa pobowola mukudziwa chifukwa chake ndikulemba izi pagulu.

Kwa zaka ziwiri ndinkangouzidwa kuti ndi kamwazi. Flagyl ndinamwa, cipro ndinamwa, a njoka zam'mimba ndinamwanso, koma usiku umodzi ndinkadzuka kasanu kapena kupitirira. Ena ankanong'ona kuti ndi matenda aja, ena kuti ndalodzedwa. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa m'mimbamo.

Poyamba ndithokoze mayi akunyumba. Munkachapa zofunda m'bandakucha ana asanadzuke kuti asaone, n'kundiphikira phala losalala, kundidyetsa ndi sipuni ine nditatsamira khoma. Simunadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Amalume, munagulitsa mbuzi zanu ziwiri kuti ndikapimidwe ndi kakamera kolowetsa m'matumbo ku Blantyre. Amayi a Mvano, munkabwera Lachinayi lililonse ndi ufa, sopo ndi nyimbo. Inunso amene munapereka magazi omwe ndinaikidwa, sindikudziwani koma mukuyenda m'mitsempha yanga.

Koma pali adokotala ena achizimayi amene sindidzawaiwala. Zotsatira zitatuluka anati ndi ulcerative colitis, nthenda ya kutupa ndi zilonda m'matumbo aakulu, ndipo m'malo mongolemba mankhwala anatembenuza kabuku kanga kakuchipatala n'kujambula kuseri kwake. Anati m'matumbo aakulu mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, ambiri ndi abwenzi athu. Chimene chimawalekanitsa ndi mnofu wa thumbo ndi zonanda zoterera ngati therere, zoyalidwa pawiri. Zapamwamba n'zofewa, mabakiteriya amakhalamo n'kumadya momwemo. Zapansi n'zothinana, ndipo mwa munthu wabwinobwino salowamo. Mwa ine mpanda wapansiwo unali wopyapyala, mabakiteriya ankafika pamnofu, chitetezo cham'thupi n'kumalimbana nawo osalekeza mpaka thumbo kutupa ndi kuchita zilonda. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mankhwala opha tizilombo sankandichiritsa. Ndinalira pamaso pawo, chifukwa kwa nthawi yoyamba matenda anga anali ndi dzina.

Ndikamwa mankhwala anga a mesalazine m'mawa ndimakumbukiranso anthu akutali, ofufuza a ku Gothenburg ku Sweden amene mu 2008 anaonetsa kuti zonanda zapansizo sizikhala ndi mabakiteriya. Enanso mu 2016 anapeza pa mbewa zoyesera kuti mabakiteriya akasowa zakudya za gaga ndi masamba amatembenukira kuzonandazo n'kumazidya. N'chifukwa chake m'mimba mutakhazikika adokotala anandilola kubwerera pang'onopang'ono ku mgaiwa, nyemba ndi bonongwe, zimene ndinkazipewa matenda atakula.

Sindinachiriretu ayi. Anandiuza mosabisa kuti nthendayi imagona n'kudzukanso, ndiye mankhwala sindisiya. Achimwene ku Johannesburg, mumanditumizira mapilitsi akasowa kuno. Mulungu akuwonjezereni pamene mukuchotsapo. Abwana ndi anzanga akuntchito, munandisungira malo miyezi inayi.

Ngati wina mukuwerenga izi mwakhala mukuona magazi ndi zonanda kwa milungu yambiri ndipo mankhwala a kamwazi sakuthandiza, bwererani kuchipatala mukapemphe kuti akupimeni matumbo.

Lamulungu likubwerali ndikapereka mayamiko kutchalitchi. Tikaweruka, nonse mufike kunyumba. Mayi anyika kale nyemba, ndipo nkhuni ndawaza ndekha.