Lipoti la Ulendo wa Kalabu Yathu ku Liwonde

Kwa mamembala amene simunathe kupita nawo, nali lipoti la ulendo wathu wa ku Liwonde National Park, kumene tinakaphunzira kuyendetsa kamera pogwiritsa ntchito foni popanda waya. Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha kudzera ku Zomba, ndipo pomwe tinkalowa m'nkhalangoyi dzuwa linali litayamba kale kuwotcha. Otilondolera anatiuza kuti chiyambire 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa nyama zachuluka, ndipo mikango inabwezeretsedwamo mu 2018. Mikangoyo sitinaione, koma njovu ndi mvuu za mu Shire tinazijambula mpaka kukhutira.

Phunziro anatsogolera ndi a Mlembi. Anthu a makamera a Canon anaika pulogalamu ya Camera Connect m'mafoni awo, a Nikon anaika ya SnapBridge. Tinaphunzira kuti Bluetooth imadya batire pang'ono koma singathe kunyamula chithunzi choyenda, choncho kuti uone pafoni zimene kamera ikuona pamafunika Wi-Fi ya kamerayo. Ukalumikiza, umagunda ndi chala malo amene ukufuna kuti aoneke bwino, kamera nkulunjika pomwepo, ndipo ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala), liwiro la shata (kachitseko kamene kamatseguka nkutsekeka pojambula) ndi kukula kwa chibowo cholowetsa kuwala umazisintha uli chikhalire. Anatichenjezanso kuti chithunzi chimafika pafoni mochedwerapo pang'ono, ndiponso kuti Wi-Fi imamaliza batire msanga.

Nkhani yeniyeni inachitika masana pamsasa pomwe tinagona. Kuseri kwa mahema kunali kachithaphwi komwe mbawala zimabwera kudzamwa, ndipo a Tcheyamani anakhazika kamera yawo pa tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, pafupi ndi madziwo, ife tonse nkukabisala pansi pa mtengo chapatali ndithu. Popeza foni yawo inali itazima, tinalumikiza ya mchemwali wathu wa ku Ndirande. Tinadikira nthawi yaitali osayankhula, thukuta lili kamukamu, mpaka mbawala yaikazi inatulukira ndi kamwana kake. Nthawi yomweyo chithunzi pafoni chinangoti zii. A Msungichuma, amene nonse mukuwadziwa kuti kudikira sikuwakhala, anadzambatuka kuti akakanikize batani ndi dzanja, koma wotilondolera anawagwira malaya nkuwakhazika pansi. Amene anatipulumutsa ndi mng'ono wathu wa kusukulu uja, amene ananong'oneza kuti foniyo yathawa Wi-Fi ya kamera chifukwa ilibe intaneti, ndipo yabwerera ku data. Atazimitsa data, chithunzi chinabwerera mbawala zikadali pamadzi. Mchemwali wathu anagunda diso la kamwanako, anakweza liwiro la shata, nkujambula. Titachikulitsa, tinaona madontho a madzi pakamwa pake ndi timawanga toyera pantchafu, zinthu zimene palibe mmodzi wa ife akanazipeza ataima kuseri kwa kamera, chifukwa mbawala sikanafika nkomwe.

Madzulo pa nsima ya chambo panabuka mkangano woti chithunzicho ndi cha yani. A Tcheyamani anati kamera ndi yawo, malo anasankha ndi iwo, ndipo anagwada m'matope kuti tripod ikhazikike. Mchemwali wathu anayankha mwaulemu kuti, “Bambo, kamera ija ikanakhala pamenepo mpaka mawa ndikanapanda kugunda diso lija.” Ena anati mng'ono wathu ndiye mwini weniweni. Nsima inazizira anthu akutsutsanabe. Ine ndikuona kuti mkanganowu unali wofunika, popeza luso limeneli lidzatibweretsera funso lomweli kawirikawiri. Tinagwirizana kuti chithunzicho chikhale ndi mayina a onse awiri, a Tcheyamani ndi mchemwali wathu, ndipo mtsogolomu tizipangana za umwini tisanalumikize foni ya wina ku kamera ya mnzake.

Tikuthokoza a dalaivala athu amene anatipirira pamene tinkawaimitsa paliponse poona mlambe, amayi a komiti ya chakudya chifukwa cha mandasi omwe anyani analephera kuba, ndi wotilondolera amene anagwira malaya aja pa nthawi yake. Mng'ono wathu tsopano dzina lake ndi “Zimitsani Data”, ndipo walivomera. Zithunzi zonse tidzaonetsa pamsonkhano ukubwerawu, pomwe a Msungichuma adzabweretsenso ganizo logula mabatire apadera a kalabu.