Sabata yoyala njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi mu Open Rails

Sabata ino gulu lathu linali pa chigawo chochokera pa mphambano ya Nkaya, kudutsa Liwonde, mpaka kumalire a Nayuchi. Tikuchimanga mu Open Rails, sewero laulere loyendetsa sitima pakompyuta lomwe limawerenga mafayilo a Microsoft Train Simulator ya 2001. Njanji yeniyeniyo inatsegulidwa mu 1970, ndi ya mzere umodzi, ndipo ndi yotalika makilomita pafupifupi 100. M'seweroli dziko limadulidwa m'mabwalo a mamita 2,048 mbali iliyonse, choncho mzere wokhawo ukufuna mabwalo oyandikira 50, osawerengera a m'mbali omwe dalaivala amawaona pawindo.

Lolemba linathera pa nthaka. Mapiri ndi zigwa timazitenga ku SRTM, muyeso womwe chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinachita ndi radar mu February 2000, ndipo pulogalamu yomangira njanji za m'seweroli ya TSRE5 imawerenga mafayilo ake a .hgt mosavuta. Koma muyesowu umatenga mfundo imodzi pa mamita 30 aliwonse, pomwe nthaka ya m'sewero ili ndi mfundo pa mamita 8 aliwonse. Radar ija inkagundanso pamwamba pa mitengo ndi madenga, osati pansi penipeni. Mukalola kuti njanji izitsatira nthaka yotere, kulakwika kwa mamita 3 pa mtunda wa mamita 90 kumabereka chitunda choposa 3 peresenti pamalo pomwe palibe chitunda chilichonse. Pa 1 peresenti yokha, tani iliyonse imafuna mphamvu yokokera yowonjezera ya 98 N (ma newton), kutanthauza 196 kN pa sitima ya matani 2,000. Injini imangoterera n'kuima. Ndiye njanji imayalidwa poyamba pa kukwera kwakekwake, kenako nthaka n'kukwezedwa kapena kukumbidwa kuti iifike.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinalimbana ndi m'lifupi mwa njanji, ndipo apa ndi pomwe omanga atsopano amasokonezeka kwambiri. Njanji za ku Malawi ndi za 1,067 mm, pomwe zidutswa zomwe zinabwera ndi sewero loyambirira, monga A1t100mStrt ndi A1t500r10d, ndi za 1,435 mm. Chofunika kumvetsa n'chakuti sitima ya m'sewero siyenda pa zitsulo zomwe mukuziona. Imatsatira mzere wosaoneka wapakati wolembedwa mufayilo ya .tdb, ndipo zitsulo, masilipa ndi miyala ya kwale ndi chithunzi chabe chosungidwa m'mafayilo a .w. Mutha kufufuta chidutswa pachithunzi n'kuchisiya mu .tdb, sitima n'kumayenda pa udzu bwinobwino. Mutha kuyalanso njanji yokongola yomwe sinalowe mu .tdb, sitima n'kufika pamenepo n'kukana kupitirira. Zidutswa ziwiri zikasemphana ndi masentimita ochepa polumikizana, maso saona kanthu, koma njira ya sitima imaduka pomwepo.

Kusintha m'lifupi kumafuna kugwira malo atatu. Zidutswa zatsopano zimalembedwa mu tsection.dat, chilichonse ndi nambala yake, utali wake, ndipo ngati ndi khona, radius (mtunda wochokera pakati pa bwalo lomwe khonalo likutsatira kufika pa njanji) ndi madigiri ake. Musazilembe mufayilo ya mufoda ya Global, chifukwa njanji zonse zomwe munthu ali nazo pakompyuta zimadalira yomweyo, ndipo nambala ikawombana ndi ya wina, khona la njanji ya mnzanu limasanduka mzere wowongoka. Open Rails imalola tsection.dat yapadera mufoda ya OpenRails mkati mwa njanji yanuyo, ndipo ndi mmene ife timalemba. Malo achiwiri ndi TrProfile, fayilo yomwe imajambula zidutswa zopindika mwaufulu zotchedwa dynamic track. Mukaiiwala, pakati pa njanji yopapatiza pamatulukira kachigawo kotambalala ndipo mateyala amaoneka akulendewera mkati mwa zitsulo. Malo achitatu ndi mafayilo a injini ndi mabogi, a .eng ndi .wag, momwe ORTSTrackGauge ndi CentreOfGravity zimauza sewero liwiro lomwe bogi ingagubuduzike nalo pakhona.

Lachinayi tinawerengera kupendeka kwa makhona. Pakhona chitsulo chakunja chimakhala chokwera kuposa chamkati, ndipo masamu ake ndi achidule: mtunda wochokera pakati pa chitsulo chimodzi kufika pakati pa chinzake, kuchulukitsa ndi liwiro (V), kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi 127 komanso ndi radius (R). Pa njanji yathu zimatuluka pafupifupi 8.9 V²/R, pa ya 1,435 mm ndi 11.8 V²/R. Khona la mamita 400 pa liwiro la makilomita 60 pa ola likufuna 80 mm kwathu kuno, osati 106 mm. Wokopera manambala a njanji za ku Ulaya amapendeketsa mopitirira, ndipo sitima ya katundu yoyenda pang'onopang'ono imatsamira mkati moonekeratu. Ine ndimakonda kusiya kupendekako kocheperako pang'ono poyerekeza ndi zomwe masamu anena, chifukwa mzere uwu umadutsa sitima zolemera za malasha ochokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala-a-Velha, osati sitima zothamanga za anthu.

Tsiku lomwelo tinakambirananso zomwe osewera akhala akupempha. Ambiri akufuna kuti azikoka njanji ndi mbewa n'kuipinda mmene afunira, monga zimakhalira mu Trainz, sewero lina la sitima. Pempholi ndi lomveka, koma likangoperekedwa popanda malire limabala makhona a mamita 60 omwe injini yaikulu singadutsepo. Chomwe ine ndingaike patsogolo ndi khona loyamba pang'onopang'ono. Mtundu wa mafayilo a njanji m'seweroli umadziwa zinthu ziwiri zokha, mzere wowongoka ndi khona la radius imodzi, pomwe njanji yeniyeni imalowa m'khona mofatsa, kupendeka kukukwera limodzi ndi kupindika. Pakadali pano timangoyerekeza poika tizidutswa tatifupi ta radius 2,000, kenako 1,000, kenako 500, koma bogi imagwedezekabe polumikizana paliponse. Chida choyala khona lotere chokha, n'kuchenjeza womanga radius ikachepa kuposa yomwe wailoleza, chingasinthe kayendedwe ka sitima kuposa mitundu khumi ya masilipa atsopano. Mapempho a mvula yokokolola njanji ndi zikwangwani zochepetsa liwiro kwa kanthawi ndi abwinonso, ndipo achiwiriwa amatheka kale kudzera mufayilo ya .act, yomwe imafotokoza ulendo wa wosewera. Za utoto wa mipanda ya pasiteshoni tinangozilemba pamapeto.

Lachisanu linali loyesa malo opatukirana. Pa njanji ya mzere umodzi, sewero lonse lagona pamenepa. Utali wa mzere wopatukira suyezedwa kuchokera posinthira njanji mpaka posinthira pena, koma pakati pa malo awiri pomwe mizere yatalikirana mokwanira kuti sitima ziwiri zisakhudzane. Sitima yathu yoyesera ili ndi mabogi 60 a mamita 13 ndi injini ziwiri za mamita 22, zonse pamodzi mamita 824. Pa mzere wa mamita 800 mchira wake umatsala pa mphambano, sewero limaona kuti njira yatsekedwa, ndipo sitima yobwera kutsogolo imadikira mpaka kalekale. Zomwezo zimachitika mzere ukakhala wokwanira koma fayilo ya .pat, momwe mumalembedwa njira ya sitima, ilibe njira yopatukira, chifukwa sitima zoyendetsedwa ndi kompyuta zimangodutsa momwe zalembedwera. Tinatalikitsa mzere woyeserawo kufika mamita 900, n'kulembera sitima zonse ziwiri njira zopatukira, ndipo zinadutsana popanda kutsekerezana. Sabata yamawa tiyamba mlatho wa pa Shire ku Liwonde, pomwe msinkhu wa madzi uyenera kukhazikitsidwa pa ngodya zinayi za bwalo lililonse kuti mtsinje usaduke pamalire a mabwalo.