Sabata ino ndathera pa BMW yokathamangitsa ku Zwartkops

Sabata yonseyi ndathera pa galimoto imodzi basi, BMW 328i ya E36, zija ankazimanga konkuno ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, akhala akupita nayo kuntchito zaka zambiri, pano akufuna azikaithamangitsa ku bwalo la mipikisano ya magalimoto la Zwartkops masiku amene amalola anthu wamba kulowa ndi magalimoto awo. Lolemba atafika pa galaji pathu kuno ku Joni nkhani yawo inali ya ekizozi yolira ndi kuwonjezera mphamvu. Ine ndinawauza kuti bambo, injini ya 2.8 ya masilinda 6 mphamvu ilipo kale, ndalamayi tiyambe taika pa mabuleki ndi pa madzi oziziritsa injini kuti mukapita uko mukabwere mukuyendetsa nokha osati pa kukokedwa. Anakhala kaye phee, kenako anavomera.

Lachiwiri mabuleki. Bwalo la Zwartkops ndi lalifupi, pafupifupi makilomita 2.4, ndiye munthu umangoti kuthamanga pang'ono waponda buleki, kuthamanga pang'ono wapondanso, madisiki sapeza mpata wozizira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akakhalitsa, a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 koma akamwa madzi muyezo wake umatsika mpaka 155, ndipo akawira mu kalipa, chija chimapana mapadi pa disiki, pedulo imangolowa mpaka pansi iwe uli pa liwiro kona ili pamaso. Omwe tinakhetsa m'galimotoyi anali akuda bii ngati tiyi wopanda mkaka. Tinathira ena opirira kutentha, mapadi a ku bwalo, madisiki atsopano, ndi mapaipi okuta ndi waya m'malo mwa a labala aja omwe anali atayamba kung'aluka.

Lachitatu ndi limene linandipweteketsa mutu. Ma E36 amenewa mbali ya madzi muli pulasitiki yambiri, khosi la rediyeta, kabokosi ka themositati, ngakhale mapampu ena akale chopalasira madzi chake ndi cha pulasitiki. Mfana amene ndikumuphunzitsa ntchito anangogwira hozi ya pamwamba kuti aimasule, khosi la rediyeta linathyokera m'manja mwake, likufumbutuka. Anachita mantha kuti waononga, ndinamuuza kuti aise usadandaule, bola zathyokera pano kusiyana ndi kukathyokera pa bwalo injini ikulira pamwamba. Tinasintha zonse kamodzi, rediyeta, pampu, themositati, mahozi ndi malamba, ndipo kuchotsa mpweya m'madzi ndinachita ndekha pang'onopang'ono kutsogolo kuli pa jeki, chifukwa injini zimenezi zikangotentha kamodzi hedi gasiketi imatha kupita.

Lachinayi tinatsitsa sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ntchito yotopetsa chifukwa sabufulemu yakutsogolo, chitsulo chonyamula injini chija, iyenera kutsika kaye. Zonsezo chifukwa cha nati imodzi yokha ya pa pampu ya oyilo, yomwe imadziwika kuti imatha kumasuka injini ikamazungulira kwambiri nthawi yaitali, ndipo ikamasuka oyilo amasiya kukwera nthawi yomweyo. Ya m'galimotoyi inali yolimbabe koma tinaimanga ndi kawaya. Abwana ankati mwina tiidumphe kuti bilu isakule, ine ndinakana, nati imeneyo ingathe kudya injini yonse.

Lachisanu zotsala: mabushi akumbuyo, zogwirira mashoko, kumanga batire mu buti kuti isagwedere, ndi kuona ngati huku yokokera ilipo. Matayala ankaoneka a mano abwinobwino koma manambala 4 a m'mbali aja, osonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa, anaulula kuti ndi okalamba, labala wake wouma gwa. Bambo aja anadandaula pang'ono, anagulabe ena.

Loweruka m'mawa ndinaiyendetsa mpaka itatentha bwino, singano sinasunthe, pedulo ili nganganga, pansi palibe dontho. Yatsala alayimenti, ikupita Lolemba, ndipo ndawauza kuti akachoka ku bwalo adzere pa galaji ndidzaone mmene mapadi adyekera.