Dongo la polymer: kuumba manja amadziwa kale, nkhani ili pa uvuni

Anzanga ambiri akaona tizinthu tomwe ndayamba kuumba amafunsa kuti dongo limeneli ndimakatapa kudambo liti, ndiye lekani ndifotokoze bwinobwino. Polymer clay si dothi ayi. Ndi pulasitiki ya PVC, yomweyi ya mapaipi a madzi, koma anaisakaniza ndi mankhwala ofewetsa komanso utoto, nchifukwa chake siliuma olo mulisiye patebulo sabata yonse. Limalimba pokhapokha mukaliwotcha mu uvuni. Ine chimenechi ndiye chinandikoka mtima, poti ndimafika kunyumba madzulo nditatopa ndi maminibasi a mutauni, ndiumbeko kamutu pang'ono, ndisiye, mawa lake ndikupeza kali chofewa kakundidikira.

Ife amene tinakulira ku Chipata tikuumba ng'ombe za dothi la pachulu, manja athu akudziwa kale ntchito, musaope. Chilichonse chimayambira pa kampira, kachingwe ndi kachiphwatalala basi, zinazo ndi kulumikiza ndi kusalaza.

Mitundu yodziwika ndi Fimo ya kampani ya Staedtler ku Germany, Sculpey ya ku America ndi Cernit ya ku Belgium. Kabuloko kamodzi ka Fimo ndi magalamu 57 chabe, kang'onong'ono ndithu, ndipo muno mu Lusaka sikuti mukalowa shopu iliyonse mulipeza, ine ndimaitanitsa pa intaneti kapena kutuma munthu wobwera kuchokera ku Johannesburg. Ndiye osamwaza ndalama pa mitundu yambirimbiri. Gulani loyera, lakuda, lofiira, layelo ndi labuluu, ena onsewo mumasakaniza nokha. Njira ina yosungira dongo ndi kupanga mafupa a mkati ndi waya, nkukulunga foyilo mothina, dongo lizingokuta pamwamba. Chidole chimapepuka, chimapsa bwino mpaka mkati, komanso miyendo siigwa mu uvuni.

Zida musavutike nazo. Tailosi imodzi yosalala, botolo lagalasi lopinira, lezala, singano ndi timitengo totokosera m'mano, mwayamba kale.

Musanaumbe muyenera kulikanda kaye mpaka lizipindika osang'aluka, apa palibe chidule. Ndipo nyengo yathu imalowererapo kwambiri. Mu June ndi July limakhala gwaa, ndimaliika m'thumba la jekete kaye kuti lifunde. Ikafika October ndi kutentha kuja limamata zala, mphuno yomwe mwaikonza bwino imangofwafwanthika, ndiye ndimaliponya mu filiji mphindi zochepa kapena kuligoneka papepala loyera kuti mafuta ena atuluke. Osalisiya mugalimoto kapena pawindo padzuwa, limayamba kupsa lokha. Nanga fumbi la mu August lija, abale inu, dongo loyera limatola chilichonse, ulusi wa juzi, tsitsi, zonse, ndiye sambani m'manja, yambani ndi mitundu yowala, ndipo zidindo za zala muzifufute ndi kasipiriti pathonje musanawotche.

Manje tifike pa moto, pomwe ine ndikuona kuti ndi pamene pagona luso lenileni. Mtundu uliwonse uli ndi kutentha kwake kolembedwa papaketi, Fimo ndi madigiri 110 kwa mphindi 30, pomwe ya Sculpey imafuna cha m'ma 130, ndipo nthawi imawerengedwa potengera kunenepa kwa chinthucho, mamilimita 6 aliwonse amaonjezera nthawi. Vuto ndi loti nambala ya pa kabatani ka uvuni si nthawi zonse imanena zoona, makamaka timauvuni ting'onoting'ono tija timakwera ndi kutsika, ndiye ngati pali chinthu chimodzi choti muwonongerepo ndalama ndi thermometer ya mu uvuni. Moto ukachepa chinthu chimaoneka chabwino koma chimathyoka ngati bisiketi, ukapyola chimada nkuyamba kutulutsa utsi woyabwa pakhosi, zikatero zimitsani, tsegulani mawindo, tulukani kaye. Ine ndimaphimba ndi foyilo pamwamba kuti chisapserere. Chikangotuluka chimakhala chofewako, musadandaule, chimalimba chikazizira, ndipo kachidutswa kopyapyala kopsa bwino kamapindika pang'ono osathyoka.

Wina anandifunsa ngati angawotche pambaula poti malaiti amavuta. Ayi ndithu, makala simungawauze kuti akhale pa 110. Mu microwave namonso ayi. Chomwe ndimachita ndi kuumba zambiri masiku amene kulibe malaiti, poti kuumbako sikufuna magetsi, nkudzawotcha zonse pamodzi akabwera. Akathima muli pakati si kuti zawonongeka, dongo ili limalola kuwotchedwa kangapo, mungoyambiranso kuwerenga nthawi kuchokera pachiyambi. Ndipo kuwotcha pang'onopang'ono kumathandiza, mutu ulimbe kaye kuti pomata thupi musaphwanye nkhope.

Kupenta ndi utoto wa acrylic, vanishi ikhale ya madzi. Polishi ya zikhadabo isiyeni, imadzayamba kunanda pakapita nthawi. Komanso chonde osapanga makapu kapena mbale zodyeramo, ndipo botolo lomwe lapinira dongo lisabwererenso kukhitchini.

Pano ndikuumba mayi wogulitsa tomato ngati aja a kumsika wa Soweto muno mu Lusaka, wakhala pakampando, chitenge chake ndikuchipanga pomata tizidutswa tamitundumitundu. Manja ake ndi omwe akundichedwetsa. Loweruka ndikufuna ndikafike ku Kabwata Cultural Village ndikakhale pafupi ndi akuluakulu osema aja, ndikaonetsetse momwe amapangira zala ndi mapewa pamtengo, ndiwapemphe ngati angalole kuti ndijambuleko zithunzi.