Ndabwerako ku Antarctica, zikomo anthu a ku Chilobwe

Abale anga ndafika, ndatera pa Chileka Lachiwiri nditatha miyezi isanu ku Antarctica. Amene mumafunsa kuti kodi ndi ku America, ayi ndithu, ndi kumunsi kwenikweni kwa dziko, pa siteshoni ya kafukufuku ya a Britain yotchedwa Rothera pa chilumba cha Adelaide, inatsegulidwa 1975. Nyumba zakale zinatopa ndiye tinkamanga chinyumba chatsopano, Discovery Building, ine mbali yanga kuwotcherera. Kumanga kumeneko ndi Novembala mpaka cha mu Epulo basi, kukayamba kuzizira zenizeni nyanja imaundana sitima osafika, ndiye chilichonse mpaka bawuti chimabwera pa sitima nthawi ikadalipo, ukataya sipanala palibe hadiweya ya ku Limbe yoti uthamangireko. Disembala dzuwa silimalowa, 12 koloko usiku kuli ngwee, tulo ndinkachita kukakamiza.

Koma si za kuzizira zomwe ndalembera izi. Pa 13 Malichi 2023 tikuthamanga kutseka makoma ndi denga nyengo isanatitsekere, ndikumva kuti namondwe wa Freddy wagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, foni ya mayi a ana anga osagwira masiku atatu. Munthu uli kutali chonchija, ulendo wa ndege kukangofika ku Punta Arenas ku Chile ndi maola pafupifupi asanu, ungatani? Ndinkangolira mu chipewa chowotcherera anzanga osaona.

Aneba athu a kumtunda, inu munatulutsa ana anga usiku khoma la kuchipinda litagwa, mwana wamng'ono mutamubereka kumsana madzi akufika m'chiuno, ndilibe mawu. Alamu anga a ku Bangwe munawasunga milungu isanu ndi umodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Amayi a Mvano ufa ndi mabulangete zija zinafika. Ndi mnyamata wa kabaza amene anapita kukatchaja foni ku Ginnery Corner kuti ndimve mawu a mkazi wanga, ndikukufuna m'bale, dzina sindinalisunge.

Mayi a ana, inu tikambirana kunyumba.

Amene munataya abale ku Chilobwe ndi ku Manja pepani kwambiri, ndiyenda khomo ndi khomo sabata ino, ndipo amene zitseko ndi mawindo zinapindika bweretsani ndiwotcherere ulere, makina ndabwera nawo, tingopempha magetsi asazime Loweruka.