Makapisozi a ku Johannesburg ndi chifuwa cha azakhali

Azakhali anga a ku Ntcheu sanasutepo fodya chibadwire, ngakhale chingambwe chomwe. Koma masiku ano akamapita kudimba amaimaima panjira, ali wefuwefu, manja m'chiuno. Kuchipatala anawayeza makhololo, TB sanawapeze nayo, ndipo anawauza kuti mapapo awo anafooka ndi utsi. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg atamva, anatumiza pa basi botolo la makapisozi lolembedwa kuti antioxidant, lodula ndithu. Pa gulu la WhatsApp la kwathu panabuka mkangano, ndipo poti ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, mlandu unagwera ine: "Asuweni, tatiuzani, zimenezi n'zothandiza kapena ndataya ndalama?"

Yankho lake limayambira pa mpweya wa okosijeni. Maselo athu amaugwiritsa ntchito potulutsa mphamvu m'chakudya, ndipo pa ntchito imeneyi pamatsala timamolekyu tina tolusa timene timalimbana ndi chilichonse chimene takumana nacho: mafuta a pa khungu la selo, mapuloteni, ngakhale DNA. Zili ngati dzimbiri pa malata, limene limadya pang'onopang'ono osaoneka mpaka tsiku limene denga layamba kudontha. Thupi lili ndi zida zake zotetezera, zimene ndizo ma antioxidant. Limapanga lokha ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) monga superoxide dismutase ndi catalase, komanso glutathione, amene amapezeka wambiri zedi m'timadzi topyapyala tomwe timakuta mkati mwa mapapo kuposa m'magazi. Timamolekyu tolusa tija tikachuluka kuposa zida zotetezerazi, ndiye oxidative stress imene madokotala amanena.

Mapapo ndi amene ali pa ngozi kwambiri chifukwa chilichonse chouluka mumpweya chimafikira kwa iwo. Mphamvu zawo zimafika pachimake munthu ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 25, kenako zimayamba kutsika mwakachetechete, ngakhale mwa munthu wathanzi. Ukalamba ukamadza, thupi limachedwa kupanga zida zotetezera zija ndipo maselo owonongeka sakonzedwanso msanga. Mu 1956 wasayansi wa ku America, Denham Harman, ananena kuti kuwonongeka kotereku ndiko gwero la ukalamba weniweniwo. Lero akatswiri amati imeneyi ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyo, chifukwa timamolekyu tomweti tili ndi ntchito yabwino: maselo oyera a m'magazi amaphera ito majeremusi.

Tsono taganizirani khitchini ya azakhali. Kanyumba kofolera ndi udzu, kopanda zenera, chitseko chachifupi, mafuwa atatu pakati. Kudenga mwaye uli lendelende, wakuda bii. Nthawi ya dzinja nkhuni zimakhala zonyowa, ndiye munthu amagwada n'kumauzira moto, nkhope m'kati mwa utsi, misozi ili chuchuchu. Ayamba zimenezi ali kamtsikana, m'mawa phala, masana nsima, madzulo nsima, nyemba zowira tsiku lonse, thobwa la pa ukwati ndi pa maliro. Mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, choncho azakhali si okha.

Utsi umabweretsa timamolekyu tolusa tambirimbiri, komanso umaputa chitetezo cha m'thupi. Maselo oyera amathamangira kumapapo ngati kwalowa matenda, ndipo nawonso amatulutsa timamolekyu tina tolusa pamodzi ndi enzyme yotchedwa elastase, imene imadula ulusi wotamuka wa mapapo. Mwa munthu wabwinobwino pali puloteni ina, alpha-1 antitrypsin, yomwe imaletsa elastase kuchita zimenezi, koma oxidative stress imaifoola. Mapeto ake makoma a timatumba ta mpweya amang'ambika, timatumba tambiri tating'ono timasanduka matumba ochepa olendewera, tinjira ta mpweya timatupa ndi kudzaza makhololo. Awa ndiwo matenda a COPD. Bungwe la WHO linati mu 2019 anapha anthu oposa 3 miliyoni padziko lonse. Kwathu kuno ambiri amangoti ndi mphumu, ena amati ndi ukalamba basi.

Ndiye poti vuto ndi kuchepa kwa zotetezera, bwanji osangomeza zotetezerazo? Ganizo limeneli linayesedwa kale, ndipo zotsatira zake zinadabwitsa eni ake omwe. Ku Finland anatenga abambo osuta fodya oposa 29,000, ena n'kumawapatsa beta-carotene, ena vitamini E, zonsezi ndi ma antioxidant. Mu 1994 zinapezeka kuti khansa ya m'mapapo inali yochuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa beta-carotene. Ku America kafukufuku wofanana ndi ameneyu, wotchedwa CARET, anaimitsidwa mu 1996 nthawi yake isanakwane, khansa itakwera ndi 28 peresenti. Ogulitsa makapisozi pa Facebook zimenezi satchula. Alipo mankhwala ena, N-acetylcysteine, amene amathandiza thupi kupanga glutathione, ndipo ku China anaonetsa kuti amachepetsako kudzuka kwa matenda a COPD mwa odwala ena. Koma amenewo ngofunika malangizo a dokotala, ndipo sabwezeretsa timatumba tong'ambika.

Msuweni wanga ndinamuuza mosabisa kuti chikondi chake chinali chenicheni koma botolo lija linali la pachabe. Mavitamini azakhali ali nawo pakhomo: bonongwe, chisoso, nkhwani, magwafa, malambe. Chofunika n'kuchepetsa utsi. Mu 1977 Charles Fletcher ndi Richard Peto, atatsatira abambo ogwira ntchito ku London kwa zaka zingapo, anaonetsa kuti munthu akasiya fodya mphamvu za mapapo zimene anataya sizibwerera, koma kutsika kwake kumayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati kwa munthu wosasuta. Ine ndikuona kuti nzeru yomweyo ikugwira pa utsi wa m'khitchini: kuboola mazenera awiri oyang'anana, kuphikira panja nyengo ikalola, kuyanika nkhuni, ndi kuwasiyira adzukulu ntchito yosonkha moto, ngakhale kuti apa ndiye pali nkhondo, poti azakhali amati nsima ya ana a masiku ano ndi yaiwisi.

Mbaula yamakono payokha si mankhwala ayi. Ku Chikhwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, wokhudza ana oposa 10,000, pomwe mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi kafani zotulutsa utsi wochepa. Zotsatira zimene zinatuluka kumapeto kwa 2016 zinaonetsa kuti chibayo mwa ana sichinachepe. Mbaula zinkawonongeka, anthu ankabwerera pa mafuwa, ndipo utsi umachokeranso kwina: kutentha zinyalala, moto wolusa wa osaka mbewa, koloboyi, fodya wa abambo.

Utsi si wokha woyambitsa dzimbiri limeneli. Ambiri amene anachira TB amatsala ndi zipsera m'mapapo ndipo amabanika ngakhale mankhwala anamaliza bwinobwino. Palinso agogo athu amene anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Teba. Fumbi la miyala likakhazikika m'mapapo, maselo oyera amayesa kulimeza n'kulephera, ndipo amangotulutsabe timamolekyu tolusa zaka ndi zaka munthu atabwerera kale kumudzi. Amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani amene anavomera kulipira, kuyambira 1965, ndipo anadwala silicosis (matenda obwera ndi fumbi la miyala lija) kapena TB angathe kupempha chipukuta misozi ku bungwe la ku South Africa lotchedwa Tshiamiso Trust, ndipo amasiye awo nawonso ali ndi ufulu wopempha. Ngati kwanu kuli agogo otere, yambani kufufuza mapepala awo a ku mgodi ndi nambala yawo ya ntchito.